A Sellah Anakana Kusuntha Tsiku

A Sellah Namakhwa athyola tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ukawapatsa moni wa pamanja sufunsanso ntchito yawo. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinada kalekale n'kuuma ngati khungwa, moti foni yogusa imawakana. Amayamba anyambita chala kaye kuti galasi lizindikire kuti pali munthu. N'chifukwa chake salemba mauthenga, iwo amalankhula. Pa gulu la WhatsApp la Ana a Malaini, anthu onse 143 amadziwa kuti voisi ya a Sellah ikalowa uli mu ofesi kapena m'minibasi, uyambe watsitsa mawu a foni, apo ayi uchita manyazi.

Anabadwira pa malaini pomwepo, m'nyumba za antchito zondandana kuseri kwa fakitale, pa laini yachitatu, khomo loyang'anana ndi mpopi. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, atasenza mphasa ndi kubereka mwana, n'kudzalembedwa ntchito pa esitetiyi. Mwana anali kumsanayo ndiye mayi awo, a Margret, amene anathyola tiyi mpaka msana unakana kuwongoka. A Sellah sukulu anailekera mu Sitandade 5, osati chifukwa cha umbuli, koma kunyumba kunabadwa khanda lofuna womulera mayi ali kumunda. Atakwana zaka 18 anabereka dengu, ndipo mpaka lero sanalitule.

Anakwatiwa ndi a Anderson, mlonda wa pa geti la fakitale, munthu wofatsa moti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo. Anthu amati Mulungu anadziwa zochita, chifukwa pakamwa pawiri ngati pa a Sellah sipakanakwana m'nyumba imodzi. Akapitawo asanu ndi awiri awayang'anirapo m'munda, ndipo palibe anachoka asanamveko mawu. Wina ankakonda kuloza anthu ndi ndodo akamalankhula. A Sellah anamulanda ndodoyo, kuiponya pakati pa tiyi, n'kumuuza kuti akaipeza akalozere mbuzi za kwawo.

Foni anawagulira ndi mwana wawo Miriam, namwino ku Makwasa, ndipo ndi iyeyo anawalowetsa pa gulupo. Ana a Malaini ndi anthu amene anabadwira m'nyumba zimenezi n'kubalalika, ena ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena ku Joni, ena pafupi pompa ku Kapichi ndi ku Masambanjati. Analiyambitsa ndi mnyamata wina wa ku Joni. Iyeyo anawapatsa a Sellah uadimini poti ndiwo anatsala pamalo, odziwa amene wadwala ndi amene watisiya. Kenako foni yake inabedwa, mwiniwake n'kuzimiririka. Choncho makiyi onse a gulu anatsala m'manja mwa mayi wothyola tiyi, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki a m'tauni sizinkawakomera kwenikweni.

Koma gulu limeneli, tisabise, ndi la anthu a pakamwa. Anapangana zokumana onse pa Khirisimasi. Anakangana miyezi iwiri za mtundu wa matisheti, ndipo tsiku litafika panabwera anthu anayi, atatu mwa iwo okhala pa malaini pomwepo. Anapangana mpira wa akuluakulu ndi achinyamata, mpirawo mpaka lero sunagulidwe. Atapangana zopenta buloko ya sukulu ndi pamene matenda enieni a gululi anaonekera. Ukati Loweruka, theka likuti ndi Sabata. Ukati Lamulungu, theka linalo lili ku tchalitchi. Ukati pakati pa mlungu, onse ali ku ntchito. Pamapeto pake a Justice Khoviwa, mphunzitsi wa sekondale ku Limbe amene anadzipatsa yekha utcheyamani, ankalemba kuti, “Colleagues, tingopanga postpone.” Timanja tokweza chala tinkagwa pansi pa uthengawo ngati mvula, nkhani n'kuthera pomwepo. A Sellah ankatukwana pang'ono n'kuiwala, chifukwa penti ndi mpira sizinkawalasa mtima.

Zinawalasa ndi zikhomo.

M'mawa wina kumayambiriro kwa Okutobala, akudutsa kumapeto kwa munda wa nambala 14, anaona zikhomo zopaka penti yofiira zitakhomedwa mzere kuzungulira tchire la kuseri kwa mabulugamu. Tchire limenelo ndi manda. Anthu ochokera ku Mozambique analibe mudzi wokawaika akamwalira, ndiye esiteti inawapatsa kachigawo kameneko, ndipo kwa zaka zambiri onse a pa malaini ankakagona kumeneko. Kulibe chiliza ngakhale chimodzi. Ankangodzala nkhadze kumutu, ena n'kusiyapo mbale kapena kapu ya malemu. Zaka 19 zapitazo esiteti inayamba kupereka lole yonyamula maliro kupita kumidzi kumene anthu anapeza malo, ndipo chiyambire nthawi imeneyo palibe anaikidwakonso, palibenso analowako ndi khasu. A Margret ali pakati penipeni pa tchirelo.

A Sellah anapita ku ofesi dengu lili kumsana. Anapeza a Kingsley, manijala wa minda, wachinyamata wochokera kumpoto amene anali atangotha zaka ziwiri pa esitetipo.

“Bwana, zikhomo zija n'zachiyani?”

“Tikudzala makadamiya, mayi. Thirakitala ikulowa pa 16.”

“Mukudzala pa mitu ya anthu?”

A Kingsley anatambasula mapu pa tebulo. Sanali munthu woipa, koma anali munthu wa mapepala, ndipo chimene pepala silinanene kwa iwo chinali chisanachitike.

“Mapu akuti bush,” anatero. “Ine ndazungulirako kawiri, ndikuona tchire. Ena andiuzapo kuti muli manda, koma ndikafunsa kuti a ndani, ali pati, aliyense akuyang'ana kumbali.”

“Mayi anga ali m'menemo.”

“Pepani kwambiri. Akakhala munthu mmodzi kapena awiri, pali njira yake. Timadziwitsa boma, amafukula mwaulemu, n'kukaika kwina. Koma akakhala manda enieni, a anthu ambiri, ooneka poyambira ndi pothera, ine ndilembera akuluakulu kuti malowo tiwasiye. Kungoti ndione ndi maso. Sindingalembe lipoti la tchire.”

“Mwati kufukula?” A Sellah anakoka lamba wa dengu. “Mayi anga anasamuka kamodzi, ali kumsana. Kawiri ayi.”

Tsiku lomwelo anajambula zikhomozo n'kutumiza pa gulu, pamodzi ndi voisi ya mphindi zisanu ndi imodzi. Gulu linawira. Anthu amene anali asanalembepo chiyambire kulowa anatulukira ndi ukali. Ena anati tipite ku khoti, ena ku wailesi, wina wa ku Joni anati akanakhala pafupi bwenzi thirakitalayo ataigona kutsogolo. Pomaliza anagwirizana chinthu chanzeru: apite onse akalambule mandawo, bwana aone ndi maso ake. Tsiku linadzipezeka lokha, pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Linali Lachitatu, komanso holide. Si Sabata, si Lamulungu, si tsiku la ntchito. Koyamba m'moyo wake gululi linasowa pothawira.

A Justice anakonza pulogalamu yokhala ndi pemphero lotsegulira, mawu a tcheyamani ndi vote of thanks. Anatsegula ndandanda ya obwera, ndipo mayina anafika 46. Iwo eni anati abwera ndi minibasi yodzaza kuchokera ku Limbe, ndiponso, poti ndi mkulu wa mpingo, atsogolera polowa.

Zotsogolerazo sizinali zamwambo chabe. Ku manda sikulowedwa ngati kudimba. Amatsogola ndi amuna, pagulu, aliyense akuona, ndipo amayi amabwera pambuyo. Munthu wopezeka yekha ku manda ali ndi khasu ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo akakhala mayi wachikulire, dzinalo limamumatirira mpaka imfa. Adzukulu akale a pa malaini, amene ankakumba ndi kutsogolera, ena anafa, ena anapuma ntchito n'kupita. Okhala pa malaini masiku ano ambiri ndi obwera, alibe wawo m'tchiremo, ndipo ochepa amene ali naye amaopa kuoneka ngati akulimbana ndi bwana.

Lolemba zifukwa zinayamba kugwa. Wina mwana wake anatentha thupi. Wina anakumbukira kuti Tsiku la Anakubala amayenera kukaona apongozi. Wina anatumiza chithunzi cha mzere wa magalimoto pomwetsera mafuta, ngati kuti ku Thyolo kunasiya kubwera mabasi. Lachiwiri masana, a Sellah atakhala pansi pa shedi yoyezera masamba, uthenga wa a Justice unalowa. Anauwerenga pang'onopang'ono, akusuntha milomo.

“Colleagues, looking at the situation ya mafuta, tingopanga postpone to November. Tilembe kalata kwa management atidikire.”

Timanja tija tinayamba kugwa. Khumi, makumi awiri, makumi atatu. A Sellah ananyambita chala, n'kujambula voisi yaifupi kuposa onse a m'moyo wawo.

“Thirakitala siipanga postpone. Tsiku ndi mawa, seveni koloko. Gulu ndatseka.”

Ndipo anatsekadi. Miriam anawasonyezapo kale pamene umadina kuti adimini yekha ndiye azilankhula, ndipo iwo anali asanaiwale. Aphunzitsi, akalaliki, a ku Joni ndi tcheyamani amene, onse 142 anasanduka omvera.

Madzulo a Anderson anawapeza akukhomerera khasu pa mpini.

“Make Miriam, mukalowa nokha, anthu adzati chiyani?”

“Adzati mfiti.”

“Ndiye?”

“Ndiye mupite nane, mutsogole. Si inu mwamuna?”

A Anderson anayang'ana jombo zawo. Anati mawa ali pa geti, alonda alibe holide. Anati kwatsala chaka chimodzi kuti apume bwinobwino, ndipo munthu sagwedeza mtengo umene wakhalapo. Kenako anati, mwina bwanji angokalambula pa amayi pokha mwachangu, anthu asanadzuke.

“Simunamve? Mmodzi amafukula. Kuti amayi atsale, atsale onse.” A Sellah anaimika khasu pakhoma. “Siyani, bambo a Miriam. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.”

Bamboyo anatenga chikwakwa, kukhala pa mwala wa pakhomo, n'kuchinola mpaka chinayamba kung'anima. Ulonda wawo wonse mphamvu zawo zinali zimenezo, ndipo anapereka zonse.

Lachitatu seveni koloko a Sellah anali ataima pamsewu wa m'mphepete mwa nambala 14, khasu paphewa, chikwakwa ndi chigubu cha madzi zili m'dengu. Anadikira mpaka eyiti, chifukwa ngakhale munthu wa mtima wouma amayembekezabe. Minibasi iliyonse yomveka kumsewu waukulu inkawatembenuza khosi. Pa mayina 46 aja sipanabwere ngakhale mmodzi. Anabwera ndi a Betty, mnzawo wothyola naye mzere umodzi kwa zaka makumi awiri, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo pa gulupo palibe. Iwowo anadzera kudzawaletsa.

“Achemwali, tiyeni kunyumba. Anthu ayamba kale kulankhula.”

“Alankhule. Pakamwa m'pawo.”

“Nanga nokha mutha tchire lonseli? Iyi ndi ntchito ya anthu fote.”

Apa a Betty ananena zoona, ndipo a Sellah anali ataganizira kale. Munthu amene wakulira m'minda ya esiteti amadziwa kuti munda umadziwika ndi m'mphepete. Bwana anati poyambira ndi pothera, sanati pakati. Akalambula manda a kunja okhaokha, kuzungulira ngati mmene amalambulira njira yotchinga moto, onse a m'kati adzakhala atchingidwa, ngakhale udzu uwakwirirebe. Zimenezi zinatanthauza kuti pa Tsiku la Anakubala apalira makolo a anthu ena, mayi awo ali m'tchire.

Anaoloka ngalande. Pa nkhadze yoyamba anagwada, kuwomba m'manja katatu, n'kupepesa eni malo m'Chilomwe chochepa chimene chinawatsalira. Anali asanapondemo chiikireni maliro omaliza, ndipo m'tchiremo munali zii, kopanda ngakhale mbalame. Anatulutsa foni.

“Ana a Malaini, ndalowa. Nthawi ndi eyiti koloko, kunja kwayera, sindikubisala. Amene ati ndine mfiti anene, koma adziwe kuti mfiti siitumiza zithunzi. Munati tipita tonse, ndiye ndakutengani. Tiyeni.”

Chikwakwa chinayamba kulira. Nkhadze zimene zinadzalidwa ngati timitengo zinali zitakula kuposa munthu, ndipo pansi pa iliyonse panali mtumbira wophwa, wina wolowa m'kati. A Sellah anali atayenda maliro onse a pa malaini kuyambira ali mtsikana, ndipo mutu wawo unasunga zimene mapu sanasunge. Akamweta, kupalira, kukokera dothi pamodzi, ankajambula chithunzi n'kudina voisi.

“Awa ndi a Jonas, ophika kunyumba ya bwana wamkulu. Ellen wa ku Lilongwe, bambo ako awa. Pa ndandanda unali nambala 3.”

“Awa ndi amake Mervin. Mbale yawo iyi, ya maluwa. Mervin, wamva? Mwana akapola udzaione.”

Miriam anawaphunzitsanso poonera amene amvera voisi. Pa manda achitatu anasuzumira: anthu 61. Pa achisanu ndi chimodzi, 98. Onse analipo, mafuta asowe asasowe, atagwira mafoni m'manja, akumvera, osatha kuyankha. Ena anayamba kuwaimbira foni paokha. A Justice anaimba katatu, ndipo katatu konse a Sellah anadula.

Pa ngodya ya kuchulu anapeza ketulo yadzimbiri itakwiririka theka. Anaipukuta ndi chitenje, kuiimika bwino, n'kupuma kaye kuti mpweya ubwerere.

“Justice, awa ndi bambo ako. Ketulo yawo ya ku ulonda iyi, yadooka pansi. Ankakukweza pa njinga kupita nawe kusukulu, anzako tikuyenda wapansi, ati mwana wanga adzakhala munthu. Wakhaladi munthu. Ndawapalira ine, mwana wa a Margret, wa Sitandade 5. Iwe panga postpone.”

Dzuwa la Okutobala silimva chisoni. Pofika teni koloko bulauzi inali itamata pamsana. Chitedze chinawagwera m'khosi ndi m'mikono, ndipo ankakanda ndi dothi mpaka khungu linatuluka timagazi. Zala zimene tiyi anaumitsa zinapirira, koma zikhatho sizinazolowere mpini wa tsiku lonse, ndipo matuza anatuluka n'kuphulika. Kumsewu anthu anali atachuluka, poti holide ilibe zochita. Palibe anaoloka ngalande. Mayi wina anakoka ana ake n'kuwaphimba kumaso. Mawu ankafika m'tchiremo bwinobwino.

“Tinkadziwa kale ife. Pakamwa paja si pachabe.”

“Akufuna zizimba ameneyo. Mwana uja anakhala bwanji namwino?”

Za Miriamzo zinawapweteka kuposa chitedze. Anaima, khasu lili m'manja, mawu okwana kugwetsa msewu wonse atafika kale pa lilime. Koma anayang'ana dzuwa, anayang'ana tchire lotsala, n'kuona kuti mpweya wotukwanira ndi womwewo wopalira. Anameza. Anthu amene amawadziwa amati chimenechi ndiye chodabwitsa chachikulu cha tsikulo.

Masana anali atalambula manda khumi ndi limodzi, ndipo mzere wozungulira unali usanafike theka. Madzi anatsala pansi pa chigubu. Msana unayamba kulankhula zimene unkalankhula wa mayi awo. Anawerengera m'mutu n'kuona kuti sakwanitsa, ndipo mantha enieni anawagwira, osati a mizimu koma a mawa.

Mzerewo tsopano unkadutsa pafupi ndi msewu. Atamweta udzu anapeza kamtumbira kakang'ono, kotalika ngati mkono, pali kakapu ka pulasitiki kofiira kosuluka. A Sellah anakadziwa. Foni sanaitulutse. Anangogwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, poopa kuti khasu lingagumule, n'kunena motsitsa ngati akudzutsa mwana, “Triza, ndi iwe kodi?”

A Betty anali chiimire pamsewu kuyambira m'mawa, ndipo anamva. Triza anali mwana wawo woyamba, anapita ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Mayiyo anaponda m'ngalande osayang'ana n'komwe, kudutsa m'minga, kugwa pa kamtumbirako n'kulira kulira kumene anthu a kumsewu anasowa nako poyang'ana. A Sellah anawasiya alire. Atatha, a Betty anamina, kumanga chitenje molimba, n'kutola khasu.

“Inu mwetani, ine ndizipalira,” anatero.

Zikanakoma kunena kuti ena onse anatsatira, koma limenelo lingakhale bodza. Anthu a kumsewu anangochepa pang'onopang'ono, chifukwa mfiti ziwiri zogwira ntchito thukuta lili kamukamu sizikoma kuonerera. Amayi awiriwo anapitiriza okha, wina kutsogolo wina pambuyo, monga amachitira m'mizere ya tiyi, osalankhulana. Mavoisi a a Sellah anafupika, mawu atasasa. Ankangotchula dzina la wagonayo ndi dzina la mwana wake.

Cha m'ma folo koloko kunamveka njinga yamoto. Mlonda wina anali atakanena ku nyumba ya a Kingsley kuti kuseri kwa nambala 14 kuli mayi akuchita zamatsenga. Bwanayo anafika atavala kabudula wa pa holide, nkhope ili yokonzekera kukalipa. Anaima pa ngalande n'kuyang'ana. Kumene dzulo kunali tchire lokhalokha tsopano kunali kanjira koyera kokhota, ndipo m'mbali mwake mitumbira ya dothi lofiira inandandana mpaka kukazimiririka kuseri kwa chulu n'kutulukira mbali inayo.

“Munati muone ndi maso, bwana,” anatero a Sellah. “Olokani.”

Anawayendetsa mzere wonse, manda 23, akutchula aliyense dzina, ntchito imene ankagwira, ndi kumene kuli ana ake. Pa manda achisanu a Kingsley anavula chipewa. Pa kamtumbira ka Triza anaima nthawi yaitali. Atabwerera poyambira anayang'ana tchire lotsala pakati.

“M'katimu muli angati?”

“Lowani muwerenge. Chitedze chilipo chokwanira.”

A Kingsley anapukuta kumaso ndi chipewa chija. “Thirakitala iyambira kumtunda. Lipoti ndilemba mawa m'mawa, ndipo zikhomozi anyamata adzazula.”

“Mawa ndalimva kokwanira, bwana. Zulani chimodzi lero, ndione.”

Bwanayo anawayang'ana, anayang'ana zikhatho zawo, n'kuwerama. Chikhomo chinalimba, anachita kuchigwedeza uku ndi uku, koma chinazuka. A Sellah anachijambula chili m'manja mwa a Kingsley, kutumiza pa gulu popanda mawu alionse, kenako n'kutsekula kuti onse alankhule.

Foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Ena ankalira, ena ankapepesa, ena ankatumiza maluwa ndi timanja topemphera. A Justice analemba kuti as a group tapambana, ndipo pakufunika committee ya ziliza, tikambirane tsiku. A Sellah anawerenga mpaka pa mawu oti tsiku, n'kuponya foni m'dengu.

Njinga itapita, anatenga chikwakwa n'kulowa pakati. A Betty anawatsatira. Dzuwa linali litapendeka koma kunali kukuwalabe. A Sellah ankadziwa kumene akupita: kupitirira chitsa cha mbawa, masitepe ochepa kumanzere. Anamweta udzu, kukankha ziyangoyango, n'kuima.

Panali mitumbira iwiri yogundizana, yofanana msinkhu, yophwa mofanana. Nkhadze inali imodzi, itamera pakati, nthambi zake zitaphimba yonse iwiri. Panalibe mbale, panalibe kapu. Anayang'ana wa kumanzere, anayang'ana wa kumanja. Anabwerera pa chitsa n'kuyambanso kuwerenga mapazi, n'kudzafika pomwepo. Anatseka maso kuti aone tsiku la maliro, amene anaima pati, bokosi linalowera mbali iti, koma tsiku limenelo iwo anali akulira, sankayang'ana.

“Ndi ati?” anafunsa a Betty.

A Sellah anatsegula pakamwa, pakamwa pamene tsiku lonse panatchula makolo a anthu popanda kuphonya, pamene panachititsa manyazi mabanja 23.

“Sindikudziwa,” anatero.

Manyazi anawagwira okhaokha, opanda gulu lowaonerera, ndipo anawawa kuposa mawu onse a kumsewu. Enawo anali ku Lilongwe ndi ku Joni. Iwo zaka zonsezi ankadutsa pamsewu uwo m'mawa uliwonse, dengu kumsana, osaoloka ngalande. Anakhala pansi pa udzu womweta n'kulira mokweza ngati maliro achitika lero. Zimenezi sanajambule.

A Betty anadikira, kenako anakweza khasu. “Inu tengani uwu, ine uwu.”

“Ayi. Bweretsani kuno.”

A Sellah anadzuka, kumanga nsanza m'zikhatho, n'kuyamba ndi wa kumanzere. Anapalira, kuzula mizu, kukokera dothi, kusalaza ndi manja. Atatha anapita pa wa kumanja n'kuchita chimodzimodzi, osafulumira, osachepetsa kanthu. Kenako anagwada pakati, dzanja limodzi pa mtumbira uwu, lina pa uwo.

“Amayi, ngati muli uku, pepani. Ngati muli uku, pepaninso. Koma pano sakuchotsanipo munthu.”